Mankhwala a TB atatha, cortisol anagwa: lipoti la mayi wa matenda a Cushing ku Blantyre

Lipotili ndi la mayi wa zaka 36 amene ndakhala ndikuwaona kukiliniki ya shuga ndi mahomoni pachipatala china mumzinda wa Blantyre. Anavomera kuti ndilembe nkhani yawo, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingawazindikiritse. Chandichititsa kulemba n'chakuti pa zinthu zitatu zimene zinawagwetsa, ziwiri zinali mankhwala amene anasiya kumwa. Ife achipatala pakamwa pathu panazolowera funso loti "mwayamba mankhwala ena atsopano?" Loti "mwasiya ati?" sitifunsa kawirikawiri, ndipo ineyo sindinafunse pa nthawi yake.

Mmene ndinawadziwira

Mayiwa amagulitsa kaunjika ku Limbe. Anawatumiza kwa ine chifukwa cha BP yosamva mankhwala ndi shuga amene anapezeka chaka chomwecho. Nkhope inali itazungulira, mafuta atawunjikana kumbuyo kwa khosi ndi pamimba, pamene miyendo ndi mikono zinkangoonda. Pamimba panali mizere yofiirira yotambalala kuposa chala. Msambo unali utasiya kwa miyezi 10, tsitsi litayamba kumera kuchibwano, ndipo akakhala pamkeka ankadzuka pogwira khoma. Kumsika anzawo ankawaseka kuti bizinesi yawayanja.

Kwathu kuno ukaona munthu wotere suthamangira kuganiza za chotupa. Ambiri amakhala akumwa ma steroid, amene amabweretsa maonekedwe omwewa, monga prednisolone kapena dexamethasone wogula okha chifukwa cha nyamakazi kapena mphumu, ena akudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi clobetasol. Ndinafunsa katatu, ulendo wina amuna awo atatuluka panja, kenako ndinatuma mng'ono wawo kuti abweretse mabotolo ndi timapepala tonse ta mankhwala ta m'nyumba. Munalibe kanthu kokayikitsa.

Titawapatsa dexamethasone 1 mg usiku, cortisol (homoni yothandiza kusunga BP ndi shuga m'thupi) wa m'mawa anali 512 nmol/L, pamene munthu wabwinobwino amatsika kufika pansi pa 50. Cortisol wa mumkodzo wa maola 24 anapitirira malire kanayi. ACTH, homoni yolamula thupi kupanga cortisol, sanali wotsika, ndipo MRI inasonyeza kachotupa ka mamilimita 9 mu pituitary, kachiwalo kamene kali pansi pa ubongo. Magazi analibe kachilombo ka HIV. Amenewa ndi matenda amene Harvey Cushing anawafotokoza mu 1932: kachotupako kamatulutsa ACTH wambiri, ndiye ma adrenal awiri amene ali pamwamba pa impso amangopanga cortisol osapuma.

Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni yodzera m'mphuno. Banja linayamba kusonkha ndalama zoti mayiwa akachitidwe kunja, ndipo podikira tinayamba ketoconazole, amene ankagula okha kufamase.

Achikulire pantchito amamukumbukira ketoconazole ngati mankhwala a mafangasi. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaimitsa mapiritsi ake pa ntchito imeneyo chifukwa cha kuwononga chiwindi, koma mu 2014 linawavomereza pa matenda a Cushing, pakuti amatsekereza ma enzaimu angapo a mu adrenal amene amapanga cortisol. Ali ndi makhalidwe atatu amene nkhani yonseyi yatsamirapo. Kuti alowe m'magazi amafuna asidi wa m'mimba. Akalowa amagayidwa ndi enzaimu ya m'chiwindi yotchedwa CYP3A4. Ndipo iye mwini amaitsekereza enzaimu yomweyo, kotero mankhwala ena amene amadalira njira imeneyo amachuluka m'magazi.

Tinayamba ndi 200 mg kawiri patsiku, tikuyeza ALT (muyeso wa m'magazi woonetsa ngati chiwindi chikupwetekeka) sabata iliyonse mwezi woyamba, kenako tinafika pa 600 mg. Tinkayeza cortisol katatu pa tsiku limodzi n'kutenga wapakati, cholinga chathu chili pakati pa 150 ndi 300 nmol/L. Pa mwezi wachitatu anali pa 280. BP inakhazikika ndi amlodipine 5 mg, shuga ndi metformin pamodzi ndi glibenclamide 5 mg. Msambo unabwerera.

TB italowa

Pa mwezi wachisanu anayamba kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku. Makhololo pa GeneXpert anasonyeza TB yomva rifampicin. Sizinandidabwitse kwenikweni: cortisol wochuluka amafooketsa chitetezo, shuga nayenso chimodzimodzi, ndipo mayiwa amakhala tsiku lonse m'chigulu cha anthu.

Apa panali povuta. Rifampicin amadzutsa CYP3A4 mwamphamvu, moti akhoza kuchepetsa ketoconazole wa m'magazi ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo isoniazid nayenso amamutsitsako. Malangizo a mankhwalawa amanena poyera kuti asaphatikizidwe. Pamwamba pa apo, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ketoconazole onse anayi amapweteka chiwindi. Koma TB sungaichedwetse, ndipo kuchiza TB mwa munthu amene cortisol wake wasefukira n'kutunga madzi ndi dengu. Metyrapone, mankhwala ena otsitsa cortisol amene akanatichotsa pa vutoli, sitinathe kumupeza. Titakambirana ndi anzanga a ku TB ndi a famase, tinagwirizana zopitiriza zonse, RHZE (mapiritsi a TB a miyezi yoyamba) m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, ketoconazole masana ndi madzulo pamodzi ndi chakudya, ALT sabata iliyonse.

Pa sabata yachitatu zinachitika zimene tinkayembekezera. Cortisol anakwera kufika 640, BP 172/106, shuga wa m'mawa 13 mmol/L. M'miyezi iwiri ndinakweza ketoconazole kufika 800, kenako 1000, kenako 1200 mg, amene ndi malire. Amlodipine anafika 10 mg, pakuti rifampicin amamugayitsanso msanga, ndipo ndinawonjezera enalapril 10 mg. Glibenclamide ndinamufikitsa pa 10 mg kawiri patsiku pa chifukwa chomwecho. ALT inakwera kufika 68 n'kutsikanso yokha. Ndi zonsezi cortisol anangofika cha m'ma 350, osatsikanso. Ndinavomereza, n'kumati tipirire mpaka TB ithe.

Ndiyenera kunena pano kuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti milingo imeneyi inali yobwereka. Inali yoyenera pokhapokha rifampicin ali m'thupi. Ndinalemba m'buku lawo la kuchipatala ndi inki yofiira kuti sabata imene RH (rifampicin ndi isoniazid, mapiritsi a miyezi yomaliza ya TB) adzathe, ketoconazole atsike kufika 600 mg, amlodipine ndi glibenclamide abwerere pakale. Ndinawafotokozeranso pakamwa. Koma zimenezi zinali pa mwezi wachiwiri wa TB. Pofika mwezi wachisanu bukulo linali litadzaza, anagula latsopano, lakale n'kutsala m'sutikesi kunyumba. Ndipo tsiku loti adzandione ndinaliika potsata kalendala ya kiliniki yanga, masabata asanu pambuyo pa tsiku lomaliza RH. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba: tsikulo linali lolembedwa pakhadi la TB miyezi 6 isanakwane. Ine ndi amene sindinalitsegule khadilo poika tsiku langa.

Masiku 14

Zotsatirazi ndinazilumikiza pambuyo pake, kuchokera kwa mayiwa, amuna awo ndi mng'ono wawo.

Tsiku lomaliza RH kunyumba kunali chikondwerero. "Adokotala, ifetu timati zatha," anandiuza bamboyo. "Tinapha nkhuku." Ku ofesi ya TB anawayeza makhololo, anawalemba kuti achira, n'kuwatsanzika. Palibe cholakwika chimene anachita kumeneko. M'buku latsopano munalibe chowachenjeza.

Kwa sabata ziwiri izi zisanachitike, mayiwa ankamva kupweteka pomeza. Pa tsiku lachitatu atamaliza RH anapita kukiliniki ina yolipira pafupi ndi kwawo. Kumeneko anaona zoyerayera m'kamwa ndi kummero, n'kuwalembera mankhwala a mafangasi a fluconazole 200 mg tsiku lililonse kwa masiku 14. Matendawo anawapeza bwino. Mayiwa anatchula mankhwala a shuga ndi a BP, koma ketoconazole anangomutchula kuti "a chotupa chija". Ndimaganizirabe kuti mafangasi kumera kummero kwa munthu amene akumwa 1200 mg ya ketoconazole patsiku unali umboni wokwanira kuti mankhwalawo sankafika m'magazi. Akanandipeza ine ndi dandaulo limeneli, mwina likananditsegula maso.

Tsiku lomwelo anasiya omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba. Za omeprazole ameneyu ndinazimva koyamba mayiwa ali chigonere m'wodi, mng'ono wawo atati, "Komatu achemwali amamwanso timakapisozi ta chilungulira tija." Anali akumwa 20 mg pafupifupi tsiku lililonse kuyambira ndisanawadziwe n'komwe. Sanapezeke m'mabotolo a kunyumba aja chifukwa ankakhala m'kachikwama ka ndalama kumsika, ndipo kwa iwo sanali mankhwala a matenda, anali ngati soda wa chilungulira basi. Atauzidwa kuti kupwetekako ndi mafangasi, anaona kuti makapisoziwo alibenso ntchito.

Sabata yoyamba anamva bwino kuposa kale lonse. Mutu unasiya kuwawa, kumeza kunayamba kutheka, shuga pakamakina ka kunyumba anatsika kufika 5 ndi 4. Cha pa tsiku la 10 anayamba kutopa, mseru, kusafuna chakudya, chizungulire akaimirira. Pa tsiku la 12 anasanza kawiri n'kutsegula m'mimba. Anakayezetsa malungo, sanapezeke, anapatsidwa ORS. Mapiritsi onse ankamwabe mokhulupirika, akasanza n'kumwanso ena, chifukwa ndinali nditawauza ine ndemwe kuti asamadumphitse. Usiku wa tsiku la 14 anakomoka pobwera kuchimbudzi.

Usiku umene anabwera

Anafika cha m'ma 11 koloko usiku. Ankatsegula maso ukawaitana koma osayankha zomveka. BP 78/46, mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, kutentha 37.9, shuga 2.4 mmol/L. Dokotala wachinyamata amene anali pantchito anawapatsa dextrose, anaika dripi ya madzi amchere, anatenga magazi, anayamba ceftriaxone poganizira sepsis (tizilombo kufalikira m'magazi). Zonsezi zinali zoyenera. Shuga anakwera, mayiwa anatsitsimukako, koma lita yoyamba itatha BP inali 82/50. Ndiye anandiimbira.

"Pepani adokotala, usiku uno. Mayi anu a Cushing aja abwera, BP ikukana kukwera."

"Hydrocortisone mwawapatsa?"

"Ayi bwana, ndinaopa. Si cortisol yemweyo wawachulukira?"

Sindimuimba mlandu mnyamatayu, ndipo funso lake ndi limene ndikufuna aliyense wowerenga lipotili aliganizire. Pabedi panali munthu wa nkhope yozungulira, wa mizere pamimba, buku lake litalembedwa Cushing patsamba loyamba. Chilichonse chimene maso akuona chikunena kuti cortisol ndi wambiri. Koma nkhope imeneyo inamangidwa ndi cortisol wa zaka ziwiri zapitazo. Siikuuza za cortisol wa usiku uno. Maonekedwe amatenga miyezi kuti asinthe, pamene cortisol wa m'magazi amatha m'maola ochepa. Munthu aliyense amene akumwa mankhwala otsitsa cortisol akabwera akusanza, BP ili pansi, shuga ali pansi, ndiye kuti cortisol wamuthera mpaka titatsimikiza kuti si choncho. Kumubaya hydrocortisone 100 mg pamene sanafunikire kungokweza shuga kwa tsiku limodzi. Kumumana pamene akufunikira ndi maliro.

Ndinamuuza atenge kaye magazi a cortisol m'chubu china, asadikire zotsatira, abaye 100 mg mumtsempha pompo, kenako 50 mg maola 6 alionse, madzi amchere apitirire. Tinaimitsa ketoconazole, fluconazole, amlodipine, enalapril, glibenclamide ndi metformin. Nditafika patatha ola limodzi ndi theka BP inali 98/60. Kutacha inali 112/70, kusanza kutasiya.

Zotsatira za magazi: sodium 124, potassium 5.3, creatinine (muyeso wa impso) 168 µmol/L, ALT 94, maselo oyera osakwera kwenikweni, malungo palibe. ECG inasonyeza QTc ya 492 ms, muyeso umene ukatalika mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe. Ketoconazole ndi fluconazole onse amatalikitsa QT, choncho ndinalemba pamwamba pa fayilo kuti asapatsidwe ondansetron, haloperidol, erythromycin, ciprofloxacin kapena quinine. Mankhwala oletsa kusanza sanafunikenso, hydrocortisone anagwira ntchitoyo. Cortisol wa magazi a usiku uja anabwera patatha masiku awiri kuchokera ku labu yolipira: 61 nmol/L. Munthu amene BP yake yagwa chonchi, ma adrenal ake ali bwino, amayenera kukhala ndi cortisol wopitirira 500.

Chimene chinativutitsa kwambiri ndi shuga. Anagwanso katatu m'maola 36 oyamba, ngakhale hydrocortisone anali m'thupi, mpaka tinaika dextrose 10 peresenti yoyenda mosalekeza, anamwino akuyeza chala ola lililonse. Mng'ono wawo, amene anali gadiyani, anaphunzira msanga kuona thukuta la pamphumi n'kuthamangira kukaitana asisitala.

Zimene zinachitika m'thupi

Rifampicin akasiyidwa, chiwindi sichibwerera mwakale tsiku lomwelo. Ma enzaimu owonjezera aja amatha pang'onopang'ono, pafupifupi sabata ziwiri. Choncho tsiku lililonse mapiritsi 6 omwewo a ketoconazole ankasanduka mlingo wokulirapo m'magazi. Ndipo ketoconazole akachuluka amachedwetsa kugayidwa kwake komwe, kotero kukwerako sikuyenda mofanana ndi chiwerengero cha mapiritsi, kumathamanga kuposa pamenepo. Pali mbali ina yokokera kwina: rifampicin amafulumizitsanso kugayidwa kwa cortisol weniweniyo, ndiye kuchoka kwake kukanayenera kumusungako cortisol. Koma ngati ma adrenal atsekedwa osapanga kanthu, palibe choti chisungike.

Omeprazole akasiyidwa, asidi wa m'mimba amabwerera m'masiku atatu kapena asanu. Kusiyana kwake si kwamasewera. Kafukufuku wina wa mu 1995 anasonyeza kuti omeprazole amagwetsa kwambiri ketoconazole wolowa m'magazi, ndipo kumwera mapiritsiwo Coca-Cola kumabwezako gawo lalikulu chifukwa cha asidi wa m'chakumwacho. Nzeru imeneyi imalembedwa m'mabuku mpaka lero, ngakhale kwa mayi wa shuga ngati awa sindikanailangiza. Kwa iwo, khomo lolowera mankhwala linatseguka sabata yomweyo imene khomo lotulukira linkatsekeka.

Fluconazole ndi m'bale wake wa ketoconazole. Nayenso amatsekereza ma enzaimu opanga cortisol, koma mphamvu yake pa ntchito imeneyi ndi yochepa, ndipo pa 200 mg mwa munthu wa ma adrenal abwino sitiona vuto. Kuweruza kwanga n'kwakuti pa kugwa kwa cortisol iye anali wamng'ono pa atatuwo, anangowonjezera katundu pamutu wolemedwa kale, komanso amatsekerezako CYP3A4. Pa shuga ndiye anali wamkulu. Glibenclamide amagayidwa makamaka ndi enzaimu ina ya m'chiwindi, CYP2C9, imene rifampicin amaidzutsa ndipo fluconazole amaitsekereza. Mlingo umene ndinauchulukitsa kanayi chifukwa cha rifampicin unakumana ndi fluconazole rifampicin atachoka, impso zikufooka, munthu sakudya, cortisol woti akweze shuga palibe. Fluconazole amatenga maola pafupifupi 30 kuti theka lake lichoke m'thupi, ndipo impso zikafooka amachedwa kuposa apo. N'chifukwa chake shuga anapitiriza kugwa tsiku lachiwiri.

BP nayo inagwa ndi zifukwa zoposa chimodzi. Amlodipine 10 mg amene ankagayidwa msanga tsopano anali kuunjikana, pakuti ketoconazole wochuluka anatseka njira yake. Enalapril mwa munthu wosanza ndi wotsegula m'mimba anapweteka impso n'kukweza potassium.

Panali funso limodzi loyenera kulichotsa. TB imadya ma adrenal. Ambiri mwa odwala amene Thomas Addison anawafotokoza mu 1855 anali a TB, ndipo kuno ikadali chifukwa chachikulu cha matenda a Addison, oti ma adrenal amalephera kupanga cortisol. Kodi mayiwa TB inali itawawonongera ma adrenal? Nthawi yake sinkagwirizana, chifukwa wa ma adrenal ofooka amagwa masabata oyamba a rifampicin, osati atamaliza. Yankho lenileni linabwera pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Titatsitsa hydrocortisone pang'onopang'ono n'kumusiya, cortisol wa m'mawa patatha maola 24 anali 610. Ma adrenal anali amoyo, kachotupa kakuwalamulabe monga kale.

Kupitirira pa mayi mmodziyu

Matenda a Cushing enieni ndi osowa, ndipo anzanga ambiri m'zipatala za m'maboma mwina sadzalemba ketoconazole pa ntchito imeneyi. Koma mankhwala amene anakumana m'thupi la mayiwa timawalemba tsiku ndi tsiku.

Wodwala cryptococcal meningitis (mafangasi a mu ubongo) amalandira fluconazole 1200 mg patsiku kwa masiku 14, pamodzi ndi flucytosine ndi liposomal amphotericin B kamodzi, njira imene inayesedwa m'kafukufuku wa AMBITION, amene Blantyre ndi Lilongwe anatengako mbali, ndipo WHO inaivomereza mu 2022. Pambuyo pake amamwa 800 mg kwa masabata 8. Pa milingo yotere mphamvu ya fluconazole pa adrenal siinganyozedwe, ndipo odwala ake ndi omwe aja amene HIV yafika patali, amene ma adrenal awo TB, kachilombo ka CMV kapena cryptococcus yemweyo akhoza kukhala atawakhudza kale. Ambiri amakhalanso pa rifampicin, amene akugayitsa cortisol wochepayo msanga. Wodwala wotere akafooka, sodium n'kutsika, BP n'kugwa, timati sepsis kapena amphotericin, ndipo nthawi zambiri timalondola. Koma cortisol aziganiziridwanso.

Ma ARV nawo ali m'nkhaniyi. Efavirenz ndi nevirapine amatsitsa ketoconazole monga amachitira rifampicin, choncho kusamutsa munthu kuchoka pa 5A (amene ali ndi efavirenz) kupita pa 13A (amene alibe), monga tinachitira ndi anthu ambirimbiri kuyambira mu 2019, nakonso ndi kuchotsa chodzutsa chiwindi. Ritonavir amachita zosiyana: amakweza ketoconazole, moti sapitirira 200 mg patsiku. Ritonavir yemweyo akakumana ndi jakisoni wa triamcinolone wa m'bondo kapena fluticasone wopumira, steroid amaunjikana, munthu amatupa nkhope ngati wa Cushing, ma adrenal ake n'kugona. Steroid uja akadzatha, amagwa ngati mmene anagwera mayiwa.

Amene amatumiza odwala kunja adzakumana ndi mayina ena a mankhwala otsitsa cortisol. Metyrapone nthawi zina amaphatikizidwa dala ndi ketoconazole pa matenda aakulu, ndipo msampha wake uli ku labu: amachulukitsa 11-deoxycortisol, amene makina ambiri amamuwerenga ngati cortisol, ndiye zotsatira zimaoneka zabwino munthu atatsika kale. Osilodrostat, amene anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2020, amatalikitsa QT, ndipo mlingo wake umachepetsedwa akakumana ndi zotsekereza CYP3A4 zamphamvu. Mitotane amadzutsa CYP3A4 kwa miyezi ngakhale atasiyidwa, kotero womwa mitotane amafuna hydrocortisone wochuluka kuposa wa masiku onse. Ndipo kuthiyeta kuli etomidate, mankhwala ogonetsa amene madokotala amawakonda kwa wodwala wa BP yotsika chifukwa sagwetsa mtima. Jakisoni mmodzi amatseka kupanga cortisol kwa maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kupitirira. Zinadziwika mu 1983 pamene Ledingham ndi Watt ku Glasgow anaona imfa zikuchuluka mwa odwala a mu ICU amene ankagonekedwa ndi etomidate kwa masiku. Mayiwa akanafika usiku uja wina n'kuganiza kuti m'mimba mwaphulika kanthu, akanakhala ndendende wodwala amene amasankhiridwa etomidate.

Pambuyo pake

Anatuluka pa tsiku lachisanu ndi chinayi, creatinine ili 84, sodium 137, QTc 438. Ceftriaxone tinamusiya pa tsiku lachitatu magazi atapanda kumera kanthu. Kummero kunali kutapola, fluconazole sanafunikenso. ALT sinafike katatu pa malire, mlingo umene ikaufika malangizo amati ketoconazole asiyidwiretu, ndipo patatha sabata ziwiri inali 46. Tinayambiranso pa 200 mg kawiri patsiku, opanda omeprazole. Chilungulira tinachithana nacho posintha nthawi ya chakudya chamadzulo ndi kukweza kumutu kwa bedi, ndipo chikavuta amamwa magnesium trisilicate patadutsa maola awiri atamwa ketoconazole.

Chimene chinandichititsa manyazi pang'ono n'chakuti pa 400 mg cortisol anakhazikika pa 250. Ndiye kuti 600 mg ija, imene ndinkaitenga ngati mlingo wawo weniweni n'kuilemba ndi inki yofiira kuti tidzabwererepo, nayonso inali yobwereka kwa omeprazole amene sindinkamudziwa. Malangizo anga aja akanatsatidwa bwinobwino, akanakhalabe pa mlingo wopitirira.

Glibenclamide sindinamubwezere, shuga akuyenda ndi metformin yekha. Amlodipine ali pa 5 mg. Kunyumba ali ndi prednisolone 5 mg, amene mphamvu yake ikufanana ndi hydrocortisone 20 mg, ndipo iwo, amuna awo ndi mng'ono wawo anabwereza pamaso panga chochita: akayamba mseru, kufooka ndi chizungulire, asiye ketoconazole, amwe mapiritsi awiri, abwere tsiku lomwelo, ndipo anene kuti amwa prednisolone chifukwa amasokoneza kuyeza cortisol. Akasanza kawiri, asadikire kuche. M'kachikwama ka ndalama kaja, mmene munkakhala omeprazole, tsopano muli kabotolo ka hydrocortisone 100 mg ndi kalata yachidule yopempha aliyense wachipatala kuti abaye kaye, mafunso pambuyo.

Kukiliniki kwathu tinasintha zinthu ziwiri. Wodwala aliyense amene takweza mankhwala ake chifukwa cha rifampicin, kaya ndi a BP, a shuga, a khunyu kapena warfarin, tsiku lake lobwera timaliika m'sabata yomaliza RH, ndipo chenjezo timalilemba pakhadi la TB lenilenilo, pafupi ndi tsiku lomaliza. Chachiwiri, buku likadzaza mlembi amalimanga pamodzi ndi latsopano wodwala asanachoke. Mabuku a mayiwa mng'ono wawo anachita kuwasoka ndi ulusi wa kaunjika.

Papita miyezi 7 chigonekedwe chawo. Ulendo wathawu cortisol anali 240, ALT 31, BP 128/82, ndipo anadzuka pampando osagwira tebulo. Bamboyo akuti ndalama za ulendo zatsala pang'ono kukwana. Kalata yopita kwa madokotala a opaleshoni ndalemba kale; ndime yoyamba ndi ya ogonetsa, yowauza kuti mayiwa ali pa ketoconazole 400 mg, anagwapo kale ndi kuchepa kwa cortisol, ndipo asapatsidwe etomidate.